Nganga ya nkhukundembo yokutira nyenyeswa za buledi: kaphikidwe kake ndi zomwe imapatsa thupi

Funso: Kunyumba kwathu timaweta nkhukundembo zingapo, ndipo pa Khirisimasi yapitayi ndinayesa kukazinga nganga yake nditaikuta ndi nyenyeswa za buledi, monga ndinaonera kwa anzathu ena. Sizinayende bwino ayi: nyenyeswa zinasendeka n'kutsalira m'chiwaya, nyama inalimba, ndipo mafuta anali chuchuchu m'mbale. Bambo akunyumba ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi komanso shuga, ndipo tili ndi ana atatu apasukulu. Kodi ndinalakwitsa pati, nanga chakudya chimenechi n'choyenera banja ngati lathu?

Yankho: Mayi, mafunso anu awiriwa ali ndi muzu umodzi, ndipo n'chifukwa chake ndiwayankhira limodzi. Nganga ya nkhukundembo, kunena nyama yoyera ya pachifuwa ija, ndi imodzi mwa nyama zopanda mafuta kwambiri zimene munthu angadye, choncho payokha ilibe choipa chilichonse kwa bambo kapena kwa ana. Chimene chimasintha nkhani ndi zinthu zitatu zimene zili m'manja mwa wophika, zomwe ndi kuchindikala kwa chidutswa, kutentha kwa mafuta ndi kuchuluka kwa mchere. Mukazikonza zitatuzi mudzaona kuti kaphikidwe kokoma ndi kaphikidwe koteteza thanzi ndi kamodzi komweko, chifukwa mafuta amene anakhathamira m'mbale mwanu aja ndi omwewo amene sitikufuna kuti achuluke m'thupi la bambo.

Chakudyachi si chatsopano. Ku Vienna, m'dziko la Austria, amachitcha Wiener Schnitzel ndipo amachiphika ndi nyama ya thole, pomwe ku Milan, m'dziko la Italy, ali ndi chofanana nacho chotchedwa cotoletta. Ku Israel anthu ambiri anazolowera kugwiritsa ntchito nkhukundembo kapena nkhuku m'malo mwa thole, popeza ndi zosavuta kupeza. Mbalameyo inayamba kuwetedwa ndi eni nthaka a ku Mexico, ndipo anthu a ku Spain ndi amene anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Kawirikawiri lamulo la kaphikidwe ndi limodzi: nyama ikhale yopyapyala, ndipo ipse msanga.

Tiyambe ndi zimene zili mu nyamayo. Malinga ndi ziwerengero za unduna wa zamalimidwe wa ku America, USDA, magalamu 100 a nganga yaiwisi yochotsa khungu amakhala ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 114, mapuloteni pafupifupi magalamu 24, ndi mafuta osakwana magalamu 2. Mulinso mavitamini a gulu la B, makamaka B3, B6 ndi B12, amene amathandiza thupi kutulutsa mphamvu m'chakudya, kusamalira mitsempha ndi kupanga magazi, komanso michere ya selenium, phosphorus ndi zinki. Munthu wamkulu amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu 48 kapena 50. Chidutswa chimodzi cha magalamu 150 chimapereka magalamu 35, ndiye mukuona kuti palibe chifukwa chounjikira munthu mmodzi zidutswa ziwiri kapena zitatu. Ndinenenso mosabisa kuti nganga ya nkhuku wamba imasiyana pang'ono chabe ndi imeneyi, choncho amene alibe khola ngati lanu asadzivutitse kufunafuna nkhukundembo yodula poganiza kuti muli mankhwala ena apadera.

Kusowa kwa mafuta komweku ndi kumene kumachititsa kuti nganga ikhale yovuta kuphika. Ntchafu imakhululuka ngakhale mutaiiwala pamoto, koma nganga ikangopsa mopitirira pang'ono imafinya madzi ake onse n'kusanduka ngati chikuni. Kwa inu vutoli limakula chifukwa nkhukundembo zoweta pakhomo zimayenda tsiku lonse ndipo kawirikawiri timazipha zitakula, pomwe za m'mafamu akuluakulu zimaphedwa zili ndi miyezi inayi kapena isanu, nyama yake ikadali yanthete. Ndikuganizanso kuti mwina munapha m'mawa n'kukazinga masana a tsiku lomwelo, monga timachitira ambiri pa chikondwerero. Nyama ya mbalame yongophedwa kumene imayamba yauma gwa kwa maola angapo isanafewenso, ndipo mukachotsa nganga pa fupa nthawi imeneyo minofu yake imakhwinyata, moti ngakhale katswiri sangaifewetse. Iphani dzulo lake, muisosole, muitumbule, ndipo igone m'furiji usiku wonse nganga ikadali pa fupa. Ngati magetsi sakudalirika kwanuko, ndi bwino kuiphika mosiyana ndi kukazinga, chifukwa nyama yaiwisi siyenera kugona pamalo ofunda.

M'mawa mwake chotsani khungu, mulekanitse mbali ziwiri za nganga ndi fupa la pakati, ndipo muchotse kamtsempha koyera kolimba kamene kamakhala m'kanyama kakang'ono ka kunsi kwake. Mukayang'anitsitsa muona kuti nyamayo ili ndi ulusi woyenda mbali imodzi. Dulani mopingasa ulusiwo, mpeni utapendekeka, kuti mupeze zidutswa zazikulu ngati chikhato chanu. Kenako ikani chidutswa chilichonse m'pepala la pulasitiki loyera n'kuchisasantha pang'onopang'ono ndi botolo lolimba kapena kunsi kwa kapoto, kuyambira pakati kupita m'mbali, mpaka chichindikale pafupifupi theka la sentimita paliponse. Ntchito imeneyi anthu ambiri amaidumpha, komatu ndi imene ili yofunika kuposa zonse, chifukwa imadula ulusi wolimba uja komanso imathandiza kuti nyama ndi chikuto chake zipse nthawi imodzi. Chidutswa chochindikala chimakupatsani zosankha ziwiri zoipa: kuphula kunja kutafiira koma m'kati muli mwauwisi, kapena kudikira kuti m'kati mupse kunja kutapserera ndipo mafuta atalowerera.

Pofuna kufewetsa nyama ya mbalame yokhwima, ndimakonda mkaka wowawasa, uja timati chambiko. Thiranimo adyo wosinja, jinja pang'ono, tsabola wakuda ndi makoko a ndimu opala, mumize zidutswazo, ndipo zikhale m'furiji maola awiri kapena anayi. Mabuku ambiri a zophika amalangiza kumiza nkhukundembo m'madzi a mchere, ndipo njirayo imagwiradi ntchito, koma kwa banja lanu sindikuivomereza chifukwa mcherewo umalowa m'kati mwa nyama ndipo simungauchotsenso. Madzi a ndimu okha musamizemo nyama nthawi yaitali, popeza amaumitsa kunja kwake.

Pa ukhondo ndilankhule motsindika. Nyama yaiwisi ya nkhuku ndi nkhukundembo imatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter, timene timayambitsa kutsekula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, ndipo ana ndi anthu odwala shuga ndi amene amavutika nato kwambiri. Mukamaliza kutsuka mbalame pa nthawi yotumbula, zidutswa zodulazo musazitsukenso, chifukwa madzi othovoka amamwaza tizilomboti pa mbale ndi pa masamba amene ali pafupi, pomwe moto wokha ndiwo umatipha. Thabwa, mpeni ndi manja zitsukidwe ndi sopo musanakhudze tomato kapena kabichi wodya wosaphika, ndipo chambiko, ufa, dzira ndi nyenyeswa zotsala zimene zakhudzana ndi nyama yaiwisi zitayidwe.

Tsopano chikuto chimene chinakusendekerani chija. Nyenyeswa sizimamatira pa nyama yonyowa, ndipo dzira silimamatira pa nyama yoterera, n'chifukwa chake pamafunika mbale zitatu motsatana. Choyamba pukutani chidutswa chilichonse mpaka chiume, ngakhale chachokera mu chambiko. M'mbale yoyamba mukhale ufa wa tirigu, ndipo mukagubuduzamo nyama muikutumule kuti patsale kaufa kochepa ngati fumbi, chifukwa ufa wochuluka umasanduka phala pansi pa chikuto ndipo chikutocho chimavuka chonse ngati malaya. M'mbale yachiwiri mukhale mazira omenya bwino, mutathiramo supuni imodzi ya madzi kapena mkaka. Mazira awiri amakwanira zidutswa zinayi kapena zisanu. M'mbale yachitatu mukhale nyenyeswa, ndipo muzikanikize mopepuka ndi chikhato mbali zonse ziwiri. Gwiritsani dzanja limodzi pa zouma ndi lina pa zonyowa kuti zala zisaundane. Mukamaliza yalani zidutswazo pa thireyi osazisanjikiza, ndipo zikhale mphindi 10 kapena 15 pamalo ozizira, kuti ufa ndi dzira zigwirane ndi nyama. Kudikira kumeneku kokha kumathetsa theka la vuto lanu.

Nyenyeswa simukuyenera kugula. Buledi wogona masiku awiri, bola asakhale ndi nkhungu, mumuumitse pa chiwaya chopanda mafuta kapena mu uvuni wosatentha kwambiri, mumusinje mu mtondo woyera n'kusefa. Za m'mapaketi zimene zinathiridwa kale zokometsera zimakhala ndi mchere wambiri. Pali mtundu wina wochokera ku Japan wotchedwa panko, wa nyenyeswa zikuluzikulu zopepuka, umene umauma bwino kwambiri pokazinga, koma buledi wanu wosinja mosalalitsa pang'ono amachita ntchito yomweyo.

Nkhani ya mafuta ndiyo ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti moto wochepa ndiwo wosamala. Chidutswa chikalowa m'mafuta otentha bwino, pakati pa madigiri 170 ndi 180, madzi a m'chikuto amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo thovu limene mumaliona likutuluka ndi nthunzi imeneyo. Dzira limagwirana msanga, nyenyeswa zimauma n'kulimba ngati nkhoko za mumphika wa nsima, ndipo nyama imapsa m'kati ndi nthunzi yakeyake. Koma mafuta akakhala ofunda chabe, chikuto chimachedwa kulimba, nyama imakhalitsa m'chiwaya, ndipo nyenyeswa zimamwa mafuta ngati thonje kenako n'kusendeka. Kuti mudziwe ngati mafuta akonzeka, ponyanimo kanyenyeswa kamodzi: kakamira phee ndiye kuti sanatenthe, kakayamba kuthetheka nthawi yomweyo n'kuyandama ndiye kuti akonzeka, ndipo mukaona utsi ndiye kuti apsa, muphule chiwaya chizizire kaye. Ngati mukuphika pa mbaula, dikirani kuti makala ayake onse n'kuyera phulusa pamwamba, chifukwa makala ongoyaka kumene amatentha mbali imodzi.

Thirani mafuta a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza okwana theka la sentimita m'chiwaya chochindikala. Majarini ndi batala zimapserera msanga, komanso batala ali ndi mafuta a mtundu umene umakweza kolesterolo. Ikani zidutswa ziwiri zokha pa nthawi imodzi, popeza nyama yozizira ikachuluka imatsitsa kutentha kwa mafuta n'kukubwezerani ku vuto lija. Mbali iliyonse ipse mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo mutembenuze kamodzi kokha, m'mbali mukayamba kufiira. Kutokosatokosa ndi foloko kumang'amba chikuto chisanalimbe. Mtundu umene mukufuna ndi wagolide, osati woderako kwambiri, chifukwa zakudya zokhala ndi sitalichi zikapserera zimapanga mankhwala otchedwa acrylamide, amene akatswiri a zachitetezo cha zakudya amalangiza kuti tiziwachepetsa. Mukaphula ikani pa waya kapena pa sefa yachitsulo kuti mafuta akhe, ndipo musavindikire ndi mbale monga timachitira ndi ndiwo zina, chifukwa nthunzi ikabwerera chikuto chimanyowa n'kufewa.

Nyama ya mbalame imakhala yotetezeka m'kati mwake mukafika madigiri 74, ndipo kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya ndiko kamanena zoona. Ngati mulibe, chekani chidutswa chimodzi pamalo ochindikala kwambiri: nyama ikhale yoyera mpaka pakati, yopanda malo onyezimira ngati aiwisi, ikutuluka nthunzi, ndipo madzi ake akhale oyera. Chidutswa cha theka la sentimita chimafika pamenepa m'mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo uwu ndi ubwino winanso wa kusasantha kuja.

Tiwerengere tsopano zimene zili m'mbale ya bambo, ndipo ziwerengerozi ndi zoyerekeza chifukwa dzanja la wophika aliyense ndi losiyana. Nganga ya magalamu 150 ili ndi makalori pafupifupi 170. Ufa magalamu 10, theka la dzira ndi nyenyeswa magalamu 30 zimawonjezera makalori pafupifupi 190. Mafuta ndiwo olemera kwambiri, chifukwa galamu imodzi imapereka makalori 9 pomwe ya mapuloteni kapena ya sitalichi imapereka 4, motero supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120. Chidutswa chokazingidwa bwino chikamwa supuni imodzi chimafika pa makalori pafupifupi 480, koma chikamwa supuni ziwiri, monga zikuoneka kuti zinachitikira pa Khirisimasi, chimafika pa 600. Nyama imene inayamba ndi mafuta magalamu 2 okha imatha kufika patebulo ili ndi magalamu oposa 30. Theka la dzira lisakudetseni nkhawa, chifukwa gawo lake pa zonsezi ndi laling'ono ndipo limabweretsa mapuloteni ena.

Pa kuthamanga kwa magazi mdani wamkulu ndi mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asadye mchere wopitirira magalamu 5 patsiku, omwe ndi ochepera pang'ono pa supuni yaing'ono yathiyi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Chimene chimapusitsa pa chakudya ichi n'chakuti mchere umalowa malo ambiri: ena amathira pa nyama, mu ufa, m'dzira, kenako patebulo, pomwe buledi amakhala nawo kale. Langizo langa ndi lakuti muyeze theka la supuni yaing'ono pa zidutswa zisanu za banja lonse, muuthire pa nyama pokha, ndipo musawonjezere timakyubu ta supu kapena zokometsera za m'mapaketi, chifukwa zambiri mwa izo mbali yake yaikulu ndi mchere. Paprika, adyo, tsabola ndi ndimu yofinyira pamwamba pa nthawi yakudya zimadzutsa kukoma kotero kuti lilime silifunsanso mchere, ndipo n'chifukwa chake ku Vienna chakudyachi sichibwera popanda kachidutswa ka ndimu pambali.

Pa shuga, nyamayo ilibe vuto chifukwa ilibe sitalichi, koma chikuto chili naye. Ufa ndi nyenyeswa za chidutswa chimodzi zili ndi sitalichi pafupifupi magalamu 30, wofanana ndi masilayisi awiri a buledi, ndipo bambo ayenera kumuwerengera. Tsiku limene mwaphika chakudyachi chepetsani mtanda wawo wa nsima kapena mpunga, ndipo tchipisi musawapatse pamodzi nacho, popeza kumeneko ndi kuunjika mafuta pa mafuta ndi sitalichi pa sitalichi. Theka la mbale yawo lidzaze masamba monga bonongwe, chisoso, mpiru kapena kabichi ndi tomato. Ngati achipatala anawauzapo kuti impso zawo zayamba kufooka, zimene zimachitika kwa ena odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kafunseni kumeneko muyezo wa nyama umene akuyenera kudya, chifukwa anthu otere amafunika kuchepetsa mapuloteni.

Ngati muli ndi uvuni, njira imene ndingasankhire bambo ndi yowotcha. Sakanizani nyenyeswa ndi mafuta ochepa, supuni yaing'ono imodzi pa chidutswa chilichonse, muzikazinge pang'ono pa chiwaya mpaka ziyambe kufiira, zizizire, kenako mukutire nyama monga ndafotokozera. Yalani zidutswa pa waya woikidwa pamwamba pa thireyi, ndipo muwotche pa madigiri 200 kwa mphindi 12 mpaka 15. Kufiiritsiratu nyenyeswa kumathandiza kuti musadikire mtundu mpaka nyama iume. Chidutswa chotere chimakhala ndi makalori pafupifupi 400 ndipo mafuta ake mumawadziwa chifukwa mwawayeza nokha. Mukhozanso kusinthanitsa theka la nyenyeswa ndi ufa wa mgaiwa wosasalala, umene ulibe mchere ndipo uli ndi gaga wothandiza m'mimba. Ena amasakanizamo nsinjiro, ndipo zimakoma kwambiri, koma nsinjiro zimapserera msanga ndipo ziyenera kuchokera ku mtedza wosankha bwino wopanda chuku.

Ana anu, amene akukula ndi kuthamanga tsiku lonse, angathe kudya zokazinga m'chiwaya popanda nkhawa, ndipo theka la chidutswa kapena chidutswa chaching'ono chimamukwanira mwana wa ku pulayimale. Ndikupemphani kuti musaone ngati nganga ndiyo nyama yokha yabwino pa mbalameyi. Ntchafu ndi miyendo zili ndi ayironi ndi zinki wambiri kuposa nganga, ndipo chiwindi chili ndi vitamini A wochuluka, zomwe ndi zofunika kwa mwana amene akukula komanso kwa inu mayi. Zimenezi siziyenera kukutira nyenyeswa ayi. Ziphikeni pang'onopang'ono ndi anyezi ndi tomato mpaka zifewe, ndipo mafupa akupatseni msuzi wa tsiku lotsatira. Mukakumbukira magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene achipatala amaphunzitsa kusikelo, muona kuti chidutswa chokutirachi chakupatsani kale zanyama, zamafuta ndi gawo la zokhutitsa, ndiye chimene chatsala ndi masamba, nyemba pang'ono ndi chipatso monga papaya kapena mango. Kwa bambo, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri ndi muyezo wabwino ngati mwakazinga, ndipo masiku ena nganga yomweyo mukhoza kuiwotcha pa makala yopanda chikuto.

Zotsala zilowe m'furiji pasanathe maola awiri chiphulireni, ndipo zidyedwe m'masiku awiri, mutazitenthetsa pa chiwaya chouma kapena mu uvuni mpaka zitenthe m'kati monse. Mafuta amene mwakazingira amakhala ndi nyenyeswa zopserera, choncho muwasefe akazizira ndipo muwagwiritse ntchito kamodzi kokha pambuyo pake. Akada, akayamba kuchita thovu kapena kununkha, atayeni. Ngati mbalame ndi yaikulu moti nganga yake simungaimalize tsiku limodzi, kutirani zidutswa zonse, muziyale pa thireyi m'firiza mpaka ziume gwa, kenako muzisunge m'thumba lomanga bwino. Tsiku lophika musazisungunule, chifukwa chikuto chimanyowa. Ziikeni mu uvuni zili choncho, muwonjezere mphindi zisanu kapena kuposerapo, ndipo mucheke chimodzi pakati kuti mutsimikize kuti chapsa musanagawire ana.